N'chifukwa Chiyani 8 ÷ 2(2 + 2) Imakanganitsa Anthu Odziwa Masamu?

Mu Julayi 2019 pa Twitter panafalikira kafunso ka masamu kooneka ngati ka mwana wa kupulayimale, kolembedwa motere: 8 ÷ 2(2 + 2). Ena anayankha kuti 16, ena anati 1, ndipo mbali iliyonse inkaona kuti anzawowo anaiwala zomwe anaphunzira kusukulu. Mkanganowu sunali wachilendo, chifukwa mu 2011 anthu anatsutsananso pa 48 ÷ 2(9 + 3), ena akupeza 288 ena 2, komanso pa 6 ÷ 2(1 + 2), imene imapatsa ena 9 ndi ena 1. Mpaka lero mafunsowa amatulukira nthawi ndi nthawi m'magulu a WhatsApp ndi pa Facebook, ndipo chodetsa nkhawa n'chakuti otsutsanawo si anthu wamba okha ayi, koma aphunzitsi, mainjiniya ndi akauntanti, anthu amene amadyera masamu.

Kuti timvetse gwero la kusamvanaku tiyenera kusiyanitsa zinthu ziwiri zimene kusukulu timaziphunzira ngati chinthu chimodzi. Pali masamu enieniwo, amene satengera maganizo a munthu: mukagawa malalanje 8 kwa ana 8, aliyense alandira limodzi, kaya muli ku Nsanje kapena ku Tokyo. Ndiye pali kalembedwe ka masamu, zizindikiro ndi malamulo a kawerengedwe kake, zomwe anthu anachita kupangana pang'onopang'ono m'zaka mazana angapo, ndipo pa mfundo zina sanamalize kugwirizana. Funso la 8 ÷ 2(2 + 2) linaikidwa pamalo amodzi mwa malo osagwirizanikawo. Onse a 16 ndi a 1 amawerengera bwinobwino, kungoti mbali iliyonse ikuwerenga funso lake.

Chichewa chathu chomwechi chili ndi chitsanzo chabwino kwambiri cha vutoli. Munthu akanena kuti pamsonkhano panabwera anthu makumi asanu ndi awiri, kodi akunena anthu angati? Mwachikale, monga momwe zilili m'Baibulo lakale la Chinyanja, amenewo ndi anthu 70, chifukwa "asanu ndi awiri" ndi 7, ndipo makumi 7 ndi 70. Koma munthu wina akhoza kumva kuti ndi makumi asanu, kenako n'kuwonjezerapo anthu awiri, zomwe zikupanga 52. M'zizindikiro, kumva koyamba ndi 10 × (5 + 2) ndipo kwachiwiri ndi 10 × 5 + 2. Tikamawerenga mbuzi vutoli silioneka, popeza "mbuzi makumi asanu ndi awiri" ndi 70 pamene "mbuzi makumi asanu ndi ziwiri" ndi 52, ndipo mgwirizano wa mawu ukutiuza ngati nambala yomalizayo ikunena za makumi kapena za mbuzi. Pa anthu mgwirizanowo sutithandiza, chifukwa "awiri" amayenera makumi ndi anthu omwe. Akale anali ndi mankhwala ake: ankagwiritsa ntchito mawu akuti "mphambu", n'kunena kuti makumi asanu mphambu awiri, ndipo womva ankadziwa kuti makumi athera pamenepo, zotsatirazo ndi zapadera. Ntchito imene "mphambu" amagwira m'chiganizo ndi yomwe mabulaketi amagwira m'masamu, yosonyeza kuti ichi chikuyendera limodzi ndi chiti.

Malamulo a dongosolo lowerengera anabwera kuti tisamalembe mabulaketi paliponse. Lamulo lalikulu, limene palibe amalitsutsa, ndi lakuti kuchulukitsa kumayamba, kuwonkhetsa kumabwera pambuyo. Ana ambiri amaliloweza ngati lamulo la mfumu lopanda chifukwa, chikhalirecho amalitsatira tsiku ndi tsiku kumsika. Tiyerekeze kuti mwagula milu itatu ya tomato pa K500 mulu umodzi ndi milu iwiri ya anyezi pa K300. Mayi wogulitsayo sagwira cholembera. Amaloza tomato n'kunena kuti K1,500, amaloza anyezi n'kunena kuti K600, kenako amati zonse pamodzi K2,100. Zimene wachita m'mutu mwake ndi 3 × 500 + 2 × 300, ndipo wayamba wamaliza mtengo wa chinthu chilichonse asanaphatikize. Mukanati muwerenge mzere womwewo mongotsatira kuchokera kumanzere kupita kumanja, mukanapeza 1,500, n'kuwonjezera 2 kukhala 1,502, n'kuchulukitsa ndi 300, ndipo ndiwo za tsiku limodzi zikanakwana K450,600. Komanso mukanayamba kutchula anyezi musanatchule tomato, mtengo ukanasintha. Ubwino wa lamuloli ndi umenewu: limadula mzere wautali kukhala zigawo zoimira pazokha, zomwe mungaziphatikize mwa dongosolo lililonse yankho osasintha.

Mu aljebura phindu lake limaonekera kwambiri. Mzere ngati 3x² + 5x + 2 umawerengeka msanga chifukwa tonse tinagwirizana kuti kanambala kapamwambako kamagwira x yekha, kuti 3 akuchulukitsa zotsatira zake, ndiponso kuti zizindikiro za + ndizo malire a zigawo. Popanda mgwirizanowu tikanalemba ((3 × (x²)) + (5 × x)) + 2, ndipo tsamba limodzi la buku likanadzaza ndi mabulaketi. Kalembedwe kogwiritsa ntchito x, y ndi z ndi tinambala tapamwamba kanakhazikika ndi René Descartes mu 1637, ndipo akatswiri a nthawiyo ankatsatira kale dongosolo loyamba ndi kuchulukitsa ngakhale kuti sankalilemba ngati lamulo. Kulilemba mwandondomeko m'mabuku a ana asukulu kunabwera mochedwa, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900.

Kuno kwathu, monga m'mayiko ambiri amene anatengera maphunziro a ku Britain, lamuloli timaliloweza ndi mawu akuti BODMAS, omwe ndi zilembo zoyamba za mayina a Chingerezi a masitepe owerengera. Ku America amati PEMDAS, ku Canada BEDMAS, ndipo masukulu ena a ku Britain amati BIDMAS. Mukayang'anitsitsa muona kuti mu BODMAS chilembo D cha kugawa chili patsogolo pa M cha kuchulukitsa, pamene mu PEMDAS M ndiye ali patsogolo pa D. Zilembozi zikanakhala kuti zikunena ndondomeko yeniyeni, mwana wa ku Zomba ndi mwana wa ku Chicago akanamapeza mayankho osiyana pa funso ngati 8 ÷ 4 × 2. Zoona zake n'zakuti masitepe si asanu ndi limodzi monga zilembozo zikuonetsera, koma ndi anayi: zam'kati mwa mabulaketi, kenako mapawa (tinambala tapamwamba tija), kenako kuchulukitsa ndi kugawa pa mlingo umodzi, pomaliza kuwonkhetsa ndi kuchotsera pa mlingo umodzinso. Zinthu za mlingo umodzi zikakumana timaziwerenga kuchokera kumanzere kupita kumanja. Ku Germany ana amaloweza mawu akuti Punkt vor Strich, kutanthauza kuti timadontho tiyambe, timizere titsatire, popeza iwo amalemba kuchulukitsa ndi kadontho kamodzi ndi kugawa ndi timadontho tiwiri, pamene + ndi − ndi timizere. Mwa njira imeneyi mwana amaona ndi maso kuti milingo ya zizindikiro zinayizi ndi iwiri, chinthu chimene BODMAS imabisa.

Ndinaonapo kuipa kwa kubisaku m'kope la mwana wa Fomu 1 amene ndinkamuthandiza masamu kunyumba. Funso linali 10 − 3 + 2, ndipo iye analemba 5. Pambali anali atalemba zilembo zisanu ndi chimodzi zija motsetsereka, n'kumachonga chimodzichimodzi, ndipo atafika pa A anaphatikiza 3 ndi 2 kukhala 5, kenako pa S anachotsa 5 pa 10. Ndinamufunsa kuti akakhala ndi K10,000, n'kugula buku la K3,000, kenako amalume ake n'kumupatsa K2,000, atsala ndi zingati. Sanachedwe n'komwe, anati K9,000. Mutu wake unkadziwa yankho loona, koma zilembo zimene anaziloweza zinamuchititsa kuti asadzikhulupirire.

Chifukwa chimene milingoyi ilili iwiri n'chozama pang'ono, ndipo n'chofunika kuchimvetsa. Kuchotsera ndi kuwonkhetsa komwe, kungoti nambala yowonkhetsedwayo ndi ya kumunsi kwa ziro: 10 − 3 + 2 ndi chimodzimodzi 10 + (−3) + 2, ndipo mukalemba chonchi mukhoza kuyambira paliponse, yankho likhalabe 9. Kugawanso ndi kuchulukitsa komwe, kungoti mukuchulukitsa ndi fulakishoni: kugawa ndi 4 n'chimodzimodzi kuchulukitsa ndi ¼. Lamulo la kumanzere kupita kumanja limafunika chifukwa kuchotsera ndi kugawa zimasintha yankho malinga ndi komwe mwayambira. Pa 2 + 3 + 4 kapena 2 × 3 × 4 palibe vuto, koma 24 ÷ 4 ÷ 2 ndi 3 mukayamba kumanzere ndipo ndi 12 mukayamba kumanja. Choncho pamene pali chizindikiro cha kugawa, funso lenileni limakhala lakuti: kodi chogawiracho chikuthera pati?

Tsopano tibwerere ku 8 ÷ 2(2 + 2). Onse amagwirizana kuti zam'kati mwa mabulaketi ndi 4, ndipo mzere umasanduka 8 ÷ 2(4). A mbali ya 16 amati 2(4) ndi njira ina chabe yolembera 2 × 4, motero tili ndi 8 ÷ 2 × 4, ndipo kuyambira kumanzere tipeza 4 × 4. A mbali ya 1 amati 2(4) ndi chinthu chimodzi chomatirirana, chimene chonsecho ndi chogawira, motero tili ndi 8 kugawa ndi 8. Kawerengedwe kalikonse kali ndi nkhani yomveka imene kangaimire. Ana 8 akakhala awiriawiri, gulu lililonse n'kulandira mango awiri ndi malalanje awiri, zipatso zonse zikhala 16. Koma malalanje 8 akagawidwa kwa ana a mabanja awiri, banja lililonse lili ndi anyamata awiri ndi atsikana awiri, mwana aliyense alandira lalanje limodzi. Mzere wa zizindikirowo sukutiuza kuti wolemba ankaganiza nkhani iti.

Pano ndiyenera kunena kuti chifukwa chimene ambiri a mbali ya 1 amapereka n'cholakwika, ngakhale kuti yankho lawo lili ndi maziko. Iwo amati B wa mu BODMAS akutilamula kuthetsa mabulaketi poyamba, choncho tiyenera kuchulukitsa 2 ndi 4 kuti mabulaketiwo achoke. Koma B amanena za zimene zili m'kati mwa mabulaketi, osati zimene zawagundira kunja. Maziko enieni a yankho la 1 ndi ena, ndipo ndi olimba: m'masamu ndi m'sayansi muli chizolowezi chakale choti zinthu ziwiri zikalembedwa mogundizana popanda chizindikiro pakati, zimatengedwa ngati chinthu chimodzi. Wophunzira wa sekondale amene akufuna kupeza rediyasi (r, mtunda wochokera pakati pa bwalo kufika m'mphepete) kuchokera ku mzere wozungulira bwalo (C) amalemba r = C/2π, ndipo palibe mphunzitsi amene angamve kuti wagawa C ndi 2 kenako n'kuchulukitsa ndi π. Mu fizikisi timalemba kuti madzi amafuna pafupifupi 4200 J/kg°C kuti atenthe, ndipo aliyense amadziwa kuti kg ndi °C zonse zili pansi pa mzere. Malangizo a kalembedwe a magazini a sayansi a Physical Review amaika kuchulukitsa patsogolo pa kugawa kolembedwa ndi kamzere kopendekera. Ndipo mukafunsa mphunzitsi aliyense wa aljebura kuti 9a² ÷ 3a ndi chiyani, adzakuuzani kuti ndi 3a, pamene lamulo la kumanzere kupita kumanja likadatsatidwa mosapatuka likanapereka 3a³.

Chitsanzo chomalizachi n'chakale ndithu. Mu 1917 katswiri wa masamu N. J. Lennes analemba m'magazini ya American Mathematical Monthly kudandaula kuti mabuku a sukulu amalemba lamulo la kumanzere kupita kumanja, koma olemba mabuku omwewo akafika pa mafunso ngati limeneli salitsatira. Patapita zaka pafupifupi khumi, Florian Cajori, amene anafufuza mozama mbiri ya zizindikiro za masamu ndipo anasindikiza mabuku ake awiri pankhaniyi mu 1928 ndi 1929, analemba kuti pa nthawiyo panalibe mgwirizano wa chimene chiyenera kuyamba pamene ÷ ndi × zakumana m'chigawo chimodzi. Choncho amene amanena kuti lamuloli lakhala lodziwika kuyambira kalekale ndipo a mbali inayo ndi osaphunzira, sakunena zoona. Mkangano wa 2019 utafika pachimake, katswiri wa masamu Steven Strogatz wa ku yunivesite ya Cornell ku America analemba m'nyuzipepala ya New York Times kuti potsatira lamulo limene limaphunzitsidwa m'masukulu yankho ndi 16, koma anatsindika kuti nkhaniyi ndi ya mgwirizano wa kalembedwe, ndipo atalandira madandaulo a owerenga ambiri odziwa masamu analembanso kachiwiri kufotokoza za chizolowezi cha zinthu zogundizana chija.

Mbali ina ya vutoli ili m'chizindikiro cha ÷ chenichenicho. Zizindikiro zimene timagwiritsa ntchito sizinapangidwe ndi munthu mmodzi kapena pa nthawi imodzi kuti zigwirizane. Zizindikiro za + ndi − zinasindikizidwa koyamba m'buku la Johannes Widmann ku Leipzig mu 1489, cha = chinayambitsidwa ndi Robert Recorde wa ku Wales mu 1557, cha × chinatchuka kudzera mwa William Oughtred mu 1631, ndipo ÷ anachigwiritsa ntchito pa kugawa ndi Johann Rahn wa ku Switzerland mu 1659. Gottfried Leibniz sankachikonda chizindikiro cha ×, ndipo mu 1698 analembera Johann Bernoulli kuti chimasokonezeka mosavuta ndi chilembo x, choncho iye ankalemba kadontho pochulukitsa ndi timadontho tiwiri pogawa, zimene mayiko ambiri a ku Ulaya akutsatirabe. Chizindikiro cha ÷ chinakhazikika makamaka m'mayiko olankhula Chingerezi, pamene m'mayiko ena a kumpoto kwa Ulaya chinkatanthauza kuchotsera mpaka m'zaka za m'ma 1900. Lero muyezo wa dziko lonse lapansi wa zizindikiro za masamu, wotchedwa ISO 80000-2, umanena kuti ÷ isamagwiritsidwe ntchito pa kugawa.

Akatswiri a masamu sakangana kawirikawiri pa nkhaniyi chifukwa iwo amalemba kugawa ndi mzere wopingasa, nambala ina pamwamba ina pansi. Mzere umenewu unkagwiritsidwa ntchito ndi al-Hassar kumpoto kwa Africa m'zaka za m'ma 1100, ndipo Leonardo wa ku Pisa, wodziwika kuti Fibonacci, anaufalitsa ku Ulaya kudzera m'buku lake la mu 1202. Ubwino wa mzerewu ndi wakuti umagwira ntchito ziwiri nthawi imodzi, kugawa ndi kumanga pamodzi: chilichonse chimene chili pansi pake ndi chogawira, ndipo kutalika kwa mzerewo kumaonetsa pamene chogawiracho chikuthera. Mukalemba 8 pamwamba ndi 2(2 + 2) yense pansi, palibe angapeze china koma 1. Mukalemba 8 pamwamba, 2 yekha pansi, kenako (2 + 2) pambali, palibe angapeze china koma 16. Chisokonezo chimabadwa pamene tikukakamiza zinthu za mizere iwiri kuti zikwane mumzere umodzi, monga timachitira pa foni, pa kalikuleta ndi pa kompyuta.

Ambiri akamakangana amathamangira ku kalikuleta ngati kwa woweruza, osadziwa kuti makinawo amangotsatira chisankho cha amene anawapanga. Mukalemba 6 ÷ 2(1 + 2) pa Casio fx-82MS, imene ophunzira ambiri a sekondale amaidziwa, mupeza 1, pamene TI-83 Plus ya kampani ya Texas Instruments ikupatsani 9. Chodabwitsa n'chakuti mtundu wakale wa kampani yomweyo, TI-82, unkaika kuchulukitsa kogundizana patsogolo, kutanthauza kuti kampani imodzi inasintha maganizo pakati pa makina ake awiri. Google ndi makalikuleta ambiri a m'mafoni amapereka 9. Mitundu ina yatsopano ya Casio inapeza njira imene ine ndimaiona kuti ndi yaulemu kwa wogwiritsa ntchito: mukalemba funsolo n'kudina batani la yankho, makinawo amalilembanso pagalasi ngati 6 ÷ (2(1 + 2)), kukuonetsani momwe alimvera, kuti ngati simunatanthauze zimenezo mukonze.

Ngakhale pa zinthu zimene anthu sakangana, makina amasiyanabe. Kalikuleta wamba ya m'golosale, ya mabatani akuluakulu ija, imawerengera chinthu chilichonse pomwe mwadina chizindikiro chotsatira, choncho 2 + 3 × 4 imapereka 20, pamene kalikuleta ya sayansi imadikira mzere wonse n'kupereka 14. Wogulitsa wozolowera amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake amachulukitsa mtengo wa katundu aliyense payekha n'kumadina M+ kuti makina asunge, kenako n'kuitanitsa zonse pamodzi kumapeto.

Malo osamveka bwino m'kalembedwe ka masamu sathera pa kugawa. Taganizirani −3². M'masamu a kusukulu ndi m'mabuku yankho ndi −9, chifukwa pawa imagwira 3 yekha ndipo chizindikiro cha − chimabwera pambuyo. Pali chifukwa chomveka: ngati 10 − 3² ndi 1, ndiye kuti 0 − 3² ndi −9, ndipo sikungakhale kwanzeru kuti kungochotsa ziro kutsogoloko kusinthe yankho. Koma mukalemba =-3^2 mu Microsoft Excel mupeza 9, chifukwa pulogalamuyo imamatiriza − ku 3 isanawerengere pawa, pamene chiyankhulo cha kompyuta cha Python chimapereka −9. Ichi si chinthu chochepa kwa munthu amene amakopera fomula kuchokera m'buku kuika mu Excel, chifukwa cholakwikacho sichilira belu, chimangolowa mwakachetechete m'mizere yonse yotsatira. Chimodzimodzinso mapawa osanjikizana: 2 wokhala ndi pawa 3, amenenso ali ndi pawa 2 pamwamba pake. Akatswiri amayambira pamwamba kutsika, n'kupeza 2 pawa 9, amene ndi 512, ndipo chifukwa chake n'chakuti kawerengedwe koyambira pansi kali kale ndi njira yake yachidule yolembera, yomwe ndi kuchulukitsa mapawawo. Excel ndi pulogalamu ina ya masamu yotchedwa MATLAB zimayambira kumanzere n'kupereka 64.

Ngakhale kugundizana kumene tanena kuti kumatanthauza kuchulukitsa sikutanthauza zimenezo nthawi zonse. Mu 2x ndi kuchulukitsa, koma mu 2½ ndi kuwonkhetsa, popeza ameneyu ndi 2 ndi theka, ndipo mu 23 ndi makumi awiri ndi zitatu. Mu a(b + c) timachulukitsa, koma mu f(x + 1), kalembedwe kamene kanachokera kwa Leonhard Euler m'zaka za m'ma 1730, f sakuchulukitsa kanthu, ndi dzina la lamulo limene likugwira ntchito pa zam'katizo. Wophunzira wa Fomu 3 amauzidwa kuti sin²x ndi sin x wochulukitsidwa ndi iye mwini, kenako amauzidwanso kuti sin⁻¹x si 1 kugawa ndi sin x ayi, koma ndi njira yobwerera kuchokera ku nambala kupita ku ngodya. Mwana akasokonezeka pamenepa sikuti ndi wofooka, waona kusagwirizana kumene kulipodi m'kalembedweko. Ndipo amene amachita malonda kudutsa malire a Dedza kapena Mwanza amadziwa vuto lina: kwathu 1,500 ndi chikwi chimodzi ndi mazana asanu, pamene ku Mozambique, kumene amatsatira kalembedwe ka Chipwitikizi, mpatuliro umagwira ntchito ya kadontho ka desimali, moti 1,500 akhoza kuwerengedwa ngati chimodzi ndi theka.

Anthu ena anayesa kuthetseratu vutoli posintha kalembedwe konse. Mu 1924 Jan Łukasiewicz wa ku Poland anayambitsa njira yoika chizindikiro patsogolo pa zinthu zimene chikugwirapo ntchito, ndipo njira yotembenuza yake, yoika chizindikiro pambuyo, inagwiritsidwa ntchito pa makalikuleta a Hewlett-Packard monga HP-35 ya mu 1972. M'njira imeneyi yankho la 16 limalembedwa 8 2 ÷ 2 2 + × ndipo la 1 limalembedwa 8 2 2 2 + × ÷. Safuna mabulaketi kapena BODMAS, ndipo palibe mzere umene ungamveke pawiri. Komabe njirayi sinalowe m'masukulu, chifukwa diso la munthu limavutika kuona msanga kapangidwe ka mzere wautali wolembedwa chonchi. Kalembedwe kathu ka masiku onse kanapambana chifukwa n'kachidule ndipo kamawerengeka mwachangu, ndipo malo ochepa osamveka bwinowa ndiwo mtengo umene tinalipira.

Tsono munthu akandifunsa kuti yankho la 8 ÷ 2(2 + 2) ndi chiyani, ndimamuuza kuti potsatira lamulo monga lalembedwera m'mabuku ambiri a sukulu masiku ano ndi 16, kuti potsatira chizolowezi cha aljebura ndi sayansi ndi 1, ndipo kuti wolakwa ndi amene analemba funsolo. Funsoli linasakaniza dala zinthu za makalasi awiri: chizindikiro cha ÷ cha kupulayimale, kumene kuchulukitsa kumalembedwa ndi × nthawi zonse, ndi kugundizana kwa mu aljebura, kumene kugawa kumalembedwa ndi mzere wopingasa. Chilichonse mwa ziwirizi n'chomveka kwawo, koma palibe amene anakhazikitsa lamulo lovomerezeka ndi onse la zimene zichitike zikakumana mumzere umodzi.

Chimene chimandikhudza kwambiri ndi ana amene amaona mikangano yotereyi n'kuganiza kuti masamu ndi msampha wotchera anthu, kapena kuti ndi mulu wa malamulo oloweza amene ngakhale akuluakulu sagwirizana. Mphunzitsi amene wakumana ndi funsoli m'kalasi angachite bwino kusafunsa kuti ndani wakhoza, koma kuuza ophunzira kuti apeke nkhani ziwiri, ina yopereka 16 ndi ina yopereka 1, monga za mango ndi malalanje zija, kenako aliyense alembe nkhani yake m'zizindikiro mwa njira yoti mnzake asaimve molakwika. Wokonza mayeso, kaya a kalasi kapena a dziko lonse, asaike funso limene makalikuleta awiri ololedwa m'chipinda cha mayeso angapereke mayankho osiyana, chifukwa pamenepo sakuyesa nzeru za mwana koma mtundu wa makina amene makolo ake anakwanitsa kugula. Ndipo aliyense wolemba fomula mumzere umodzi, pa foni kapena mu Excel, akafika pa chizindikiro cha kugawa aime kaye n'kudzifunsa pamene chogawira chake chikuthera. Ngati akufuna 16 alembe (8 ÷ 2) × (2 + 2), ndipo ngati akufuna 1 alembe 8 ÷ (2 × (2 + 2)).